Apongozi Anga ndi Nyenyezi ya Kummwera

Chaka chimene ndinakwatira ndinali ndi ntchito ziwiri. Masana ndinkaphunzitsa sitandade sikisi pa sukulu ina yaing'ono m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. M'bandakucha, tambala wachiwiri akangolira, ndinkakwera pachulu chimene chinali kuseri kwa nkhokwe za apongozi anga n'kumayang'ana nyenyezi imene kunalibe. Inde, mwamva bwino, imene kunalibe. Ntchito yachiwiriyi ndi imene inatsala pang'ono kundithetsera banja.

Kwathu ndi kummwera, ku Chiradzulu. Kuno ndinabwera ndi ntchito, ndinapeza mkazi, ndipo potsata mwambo ndinamanga nyumba pamudzi pa mkazi wangayo. Ndinali mkamwini tsono. Mkamwini amakhala pamudzi mololedwa chabe, eni mbumba akatopa naye amangomuuza kuti apinde mphasa yake, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, koma ndinali wachinyamata, wamakani, ndipo ndinkaganiza kuti munthu wovala tayi sangapinditsidwe mphasa.

Za nyenyezizi anandiphunzitsa ndi mkulu wina ku koleji ya aphunzitsi. Popuma ntchito anandisiyira magalasi ake oonera patali, aja a maso awiri, olemera, utoto utakanganuka m'mbali. Anandisiyiranso ntchito yake. Kumwamba chakummwera, pafupi ndi timitambo tiwiri tija timene timaoneka kukakhala kopanda mwezi, kuli kanyenyezi kena kamene masiku ambiri sikaoneka ngakhale m'magalasi. Ndiye tsiku lina, kosachenjeza munthu, kamangoyaka. Mkuluyo anati si nyenyezi imodzi koma ziwiri zoyandikana kwambiri, ina imakoka mpweya wa inzake, ndipo mpweyawo ukaunjikana umabuka moto monga amachitira mankhusu ukawathira pamakala. Kawirikawiri kamawala tsiku limodzi kapena awiri n'kuzimiranso. Mwa apo ndi apo, mwamwayi, kamakhalitsa kupitirira sabata.

Ine yanga inali kuyang'ana pamalopo tsiku ndi tsiku. Kakayaka ndinkakayerekeza ndi nyenyezi ziwiri zoyandikana nako zimene sizisintha, ina yowala, ina yofookerapo. Ndinkazitcha mkulu ndi mng'ono wake. Ndinkaona kuti lero kaposa mng'ono koma sikanafike pa mkulu, n'kulemba, ndipo pakutha pa mwezi ndinkatumiza pa positi kwa anthu ena a kutsidya kwa nyanja amene ankasonkhanitsa zimene anthu ngati ine taona. Pakakhala kuti palibe, ndinkalembanso kuti palibe, pakuti nazonso ankazifuna. Tsono tayesani kufotokozera mlimi wa fodya wa ku Dowa kuti mumadzuka m'bandakucha kukalemba kuti palibe.

Inali nthawi imene matipate anali atangolowa kumene ndipo boma linali litasintha. Anthu amene kwa zaka zambiri ankalankhula monong'ona anali atapeza pakamwa, ndipo pakamwapo sankapapumitsa. Kuno ambiri anali adakali ndi chipani chakale, ndipo chilichonse chochokera kummwera ankachikayikira. Ndiye tandionani ine: munthu wakummwera, ndili pachulu, magalasi ataloza kummwera, m'manja muli tochi imene ndinaimanga kansalu kofiira kuti isamandithobwe m'maso. Kudambo, kumene anthu ankathirira nazale za fodya, nkhani inapsa. Ena ankati ndikuwerenga nyumba za anthu a chipani chakale. Ena ankati tochi yofiirayo ndimalankhulira ndi akwathu. Mayi wina anati palibe za ndale apa, umenewu ndi ufiti basi, kungoti ndi wa kusukulu.

Poyamba ndinkaseka. Ndinasiya kuseka tsiku limene kunabwera atsibweni a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi, amene anali mwini mbumba. Iwonso anali mkamwini kwa akazi awo ku Dzoole, koma akafika kuno zimenezo ankaziiwalira panjira. Anagona pamudzi, ndipo m'mawa mwake anakwera nane pachulu atafunda bulangete. Ndinawapatsa magalasi, iwo anayang'ana kwa nthawi yaitali.

"Ili kuti?" anandifunsa.

"Lero palibe, atsibweni."

"Nanga dzulo?"

"Dzulonso panalibe."

"Ndiye mukuyang'ana chiyani, aphunzitsi?"

"Ndikudikira."

Anandibwezera magalasi aja ndi manja awiri, mwaulemu woopsa. Anati adzabweranso Lamulungu lotsiriza la mwezi kuti banja lonse likhale pansi. "Mudzi uno sitifuna mavuto a ndale," anatero. "Ngati palibe chooneka, aphunzitsi akadikirire kwawo. Kumenekonso kumwamba kulipo."

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Koma nditalowa m'nyumba n'kuona mkazi wanga, amene anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, mkwiyo unatha n'kutsala mantha okhaokha. Ndinati basi ndisiya, magalasiwo ndiwatsekera m'sutikesi.

"Mukasiya lero, anthu ati mwasiya chifukwa mwagwidwa," anatero mkazi wanga. "Pitirizani misala yanuyo. Koma nayonso nyenyezi yanuyo ikhale ndi chisoni, abale."

Iye anali atakaonapo kanyenyeziko kamodzi, koma umboni wa mkazi wa munthu pa mlandu wa mwamuna wake ndani angaumvere?

Tsono za apongozi anga. Bambo ake a mkazi wanga anali atamwalira kale, ndipo mayiwo ndi amene ankayendetsa khomo, munda ndi nazale. Chikwatirireni ndinali ndisanawaonepo nkhope bwinobwino. Mwambo sunkalola kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi ayang'anizane kapena kulankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'tchire kumanzere, ine kumanja, moni n'kupatsirana titafulatirana. Ndinkadziwa zidendene zawo ndi duku lawo kuposa maso awo. Akafuna kundiuza kanthu ankadzera mwa mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva zonse. Zimene ankaganiza za ine sindinkazidziwa n'komwe.

Mwezi umenewo unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'bandakucha wina ndinakwera pachulu mwachizolowezi, tulo tili m'maso, ndinaloza magalasi, ndinapeza mkulu, ndinapeza mng'ono, ndipo pambali pawo, pamalo pamene kwa masabata panali bii, panali kadontho kowala ngwee. Ndinapukuta m'maso n'kuyang'ananso. Kalipo! Ndinavina pachulu paja ndekhandekha, mpaka ndinaterereka n'kutsika ndi matako. Ndinathamangira m'nyumba.

"Yayaka! Dzukani, nyenyezi ija yayaka!"

"Ndiye nditani, ndiiphikire phala?" anayankha mkazi wanga ali m'bulangete. Koma ndinamva m'mawu ake kuti akumwetulira.

Tsiku lotsatira kanali kataposa ngakhale mkulu uja, ndipo patapita masiku angapo kanali kadakalipo. Ndinadziwa kuti aka ndi kuyaka kuja kokhalitsa. Vuto linali lakuti Lamulungu lija linali kutali, ndipo kanyenyezi kameneka sikadikira munthu. Ndinatuma uthenga ku Dzoole kudzera mwa munthu wina wa njinga kuti atsibweni abwere msanga adzaone. Yankho linabwera lakuti tsiku analitchula kale, ndipo iwo si mwana woti aziitanidwa ndi nyenyezi.

"Aonetseni amayi," anatero mkazi wanga. "Atsibweni amaopa munthu mmodzi yekha padziko lino, ndipo munthuyo amadutsa pachulu panupo m'mawa uliwonse popita kudambo."

"Ndiwaonetsa bwanji munthu amene sindingaime naye pafupi?"

"Nanga ine ndilipo chifukwa chiyani?"

Apongozi anavomera, sindikudziwa kuti mwana wawo anawauza zotani. Ndinadula mtengo wa phanda, ndinauzika pamwamba pa chulu, n'kumangirirapo magalasi aja ndi mphira wa njinga kuti asagwedezeke. M'bandakucha ndinawaloza bwinobwino pamalo pake, kenako ndinatsika n'kukaima kunkhokwe nditafulatira. Apongozi anatula keni yawo yothirira n'kukwera. Mkazi wanga anaima pakati pathu atagwira m'chiuno.

"Afunseni amayi ngati akuona nyenyezi zitatu zokhala ngati mafuwa," ndinatero ndikuyang'ana nkhokwe.

"Amayi, akuti mukuona nyenyezi zitatu zokhala ngati mafuwa?"

"Uwauze kuti ndikuona mdima."

"Ndamva," ndinatero ine.

"Mwamva bwanji ine ndisanakuuzeni?" anandikalipira mkazi wanga. "Dikirani. Akuti akuona mdima."

Vuto ndinalizindikira. Magalasiwo ndinali nditawakonza molingana ndi maso anga ofooka, ndiye kwa munthu wa maso abwino zonse zinkaoneka mbuu. Pakati pa magalasiwo pali kagudumu kamene umapotokola ndi chala mpaka nyenyezi zitaoneka bwino.

"Auzeni amayi apotokole kagudumu ka pakatipo."

"Amayi, akuti mupotokole."

Apongozi anapotokola ndithu, koma magalasi onse pamodzi ndi phanda lomwe. Anali mayi wamphamvu, wozolowera khasu.

"Uwauze kuti tsopano ndikuona mtengo wa mango."

Ndiye iwo atsike, azungulire mbali ina ya chulu, ine ndikwere, ndilozenso, nditsike, ndikaime kunkhokwe, iwo akwerenso. Pamene tinkamaliza gule ameneyu kum'mawa kunali kutayera ndipo nyenyezi zinali zitathawa. Mkazi wanga anali atakhala pansi, akuseka mpaka misozi. Apongozi ananyamula keni yawo n'kunena kuti, "Uwauze kuti mbande zanga zikundidikira."

Kenako kunabwera utsi. Nyengo imeneyo anthu amatentha tchire posaka mbewa, ndipo chaka chimenecho anatentha ngati atumidwa. Mapiri onse ankafuka, kumwamba kunachita mbuu, nyenyezi za m'munsi zinkaoneka movutikira. Ine wozolowera ndinkakapezabe kanyenyezi kanga, ndipo zimene ndinkaona sizinali zabwino. Kanatsika pa mkulu. Kanafika pakati pa mkulu ndi mng'ono. Kanayamba kuyandikira mng'ono. Tsiku lina ndinakumana ndi amuna awiri atanyamula mbewa zawo pa mpani, ndipo ndinawalalatira za utsi mpaka anandiyang'ana mondimvera chisoni. Madzulo ake kudambo kunamveka kuti aphunzitsi tsopano akuletsa anthu kudya mbewa, ndi lamulo la boma latsopano.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti apongozi sanaleke kubwera. M'mawa uliwonse keni inkatulidwa pansi pa chulu, tinkayambanso za akuti-akuti zathu zija, iwo osaona kanthu, n'kumapita kudambo. Ndinayamba kuganiza kuti akungosonkhanitsa umboni woti adzanene kuti anayesa masiku onsewa koma sanaone chilichonse. Usiku sindinkagona bwino. Ndinkaona ndikukwera basi pa Mponela ndi sutikesi ndi magalasi, mwana wanga n'kubadwa ine kulibe.

Lachisanu loyandikira tsiku la mlandu, masana, kunagwa chizimalupsa, kamvula kaja koyamba kamene kamazimitsa moto wa m'tchire. Sikanakhalitse, koma kanatsuka kumwamba konse. Ana anga a sukulu anathamangira panja kukavina ndipo sindinawaletse, inenso mtima unali panja pomwepo.

M'bandakucha wa Loweruka ndinagwedeza mkazi wanga. Iye anatembenukira kukhoma.

"Lero ayi. Miyendo yatupa, msana ukuwawa, ndipo ndatopa kukhala waya wa telefoni."

Ndinamuchonderera, ndinamunyengerera, ndinamukalipira pang'ono, koma ayi ndithu. Mpaka lero ndikamufunsa ngati anachitira dala amangoseka.

Ndinakwera ndekha. Kumwamba kunali koyera kuposa masiku onse, nyenyezi zili waa. Ndinakapeza kanyenyezi kanga, koma kanali katatsika kale pansi pa mng'ono. Kakafika pamenepo kamazimirira mofulumira. Ndili chiimire choncho ndinamva keni ikutulidwa pansi. Ndinatsika msanga n'kukaima pamalo panga kunkhokwe. Apongozi anatsokomola.

"Kodi mwana uja ali kuti?" anafunsa, ngati akufunsa chulu.

"Akuti miyendo yatupa," ndinayankha, ngati ndikuuza nkhokwe.

Kum'mawa kunali kutayamba kutuwa pang'ono. Ndinamva chogwirira cha keni chikulira, kusonyeza kuti akuinyamula kuti azipita. Pamenepo mantha a mwambo anachepa kuposa mantha a basi ya pa Mponela, ndipo ndinatembenuka.

"Amayi, ikupita. Mawa mwina sikhalapo. Ndiloleni ndiime pafupi ndikuonetseni."

Amenewo anali mawu oyamba amene ndinawalankhula mwachindunji chikwatirireni mwana wawo. Keni ija inabwereranso pansi.

"Kudakali mdima, palibe akutiona. Bwerani. Nkhope yanuyo sindikuifuna, ndikufuna nyenyeziyo."

Tinakwera tonse. Ndinaima pambali pawo, manja ndili nawo kumbuyo, maso kummwera. Ndinawauza kuti phanda asaligwire, aike chala chimodzi chokha pamwamba pa magalasi mpaka akhudze kagudumu, ndipo akapotokole pang'onopang'ono.

"Kotereku?"

"Komweko. Pitirizani mpaka nyenyezi zichepe ngati timchere."

Ndinamva akupuma mwamphamvu. "Iii! Abale inu! Zonsezi zimakhala kuti masiku onsewa?"

Ndinawatsogolera ndi mawu. Anapeza zitatu za mafuwa zija. Ndinati atsike pang'ono, ndipo anapeza mkulu ndi mng'ono wake. Ndinati ayang'ane pambali pa mng'onoyo, osati molunjika koma chammbali mwa diso, pakuti zofooka zimaoneka bwino choncho.

"Kaja kakuchita ngati kakufuna kubisala?"

"Komweko, amayi."

"Kameneka? Kameneka ndi kamene kasokoneza mudzi wonse?" Anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuseka ndili pafupi. Kuseka kwake kunali kwa mkazi wanga ndendende.

Ndinawafunsa kuti pakati pa kanyenyeziko ndi mng'ono, chowala kwambiri ndi chiti. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, monga amachitira posankha fodya, n'kunena kuti kachepera pang'ono. Inenso ndinali nditaona chimodzimodzi, ndipo ndinalemba momwemo. Kunja kutayamba kuyera anatsika, anakonza duku lawo, n'kutembenukira kumbali monga kale.

"Mawa ndibweranso," anauza chulu.

Anabweradi, ndipo ulendo uno sanafunse za mwana wawo. Kagudumu anakapotokola okha, mafuwa anawapeza okha, mkulu ndi mng'ono anawapeza okha. Anafufuza, anafufuza, anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, anafufuzanso.

"Kapita," anatero motsitsa mawu. "Dzulo kanali apa. Ndinakaona ndi maso angawa." Anachotsa maso pa magalasi. "Ndiye palibe uja munkauza achimwene ndi ameneyu?"

"Ndi ameneyo, amayi."

Ananyamula keni n'kupita, ndipo ine ndinatsala ndisakudziwa ngati ndapulumuka kapena ayi. Tsiku la mlandu linali lomwelo, ndipo choti ndiwaonetse atsibweni panalibenso.

Titaweruka kutchalitchi tinakhala pansi pa mtengo wa mango uja. Atsibweni anakhala pampando, ine pa kachitsa, azimayi pamphasa chapatali, apongozi atandifulatira monga mwa masiku onse. Anthu a kudambo nawo anabwera osaitanidwa, n'kumanamizira kuti akungodutsa. Atsibweni anayamba ndi mawu ataliatali okhudza mtendere wa pamudzi ndi kuopsa kwa ndale, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndinamva kuti inabwera. Ili kuti tsono?"

"Yapita, atsibweni. Yapita usiku wathawu."

Anthu anaseka, ndipo sindikuwaimba mlandu, inenso ndikanaseka. Atsibweni anatambasula manja ngati munthu amene wamaliza ntchito. Mkazi wanga anaweramitsa mutu. Pamenepo apongozi analankhula, osakweza mawu.

"Achimwene, ine ndinaiona. Dzulo inalipo, inachepera mng'ono wake pang'ono. Lero ndayang'ana pamalo pomwepo, palibe."

"Mng'ono wake wa ndani?" anafunsa atsibweni atasokonezeka.

"Mukanabwera pamene anakuitanani mukanadziwa. Mulibe nyumba za anthu m'magalasi muja, mulibe chipani, muli nyenyezi zochuluka kuposa zimene inu mwaona chibadwireni." Kenako anauza mwana wawo kuti, "Uwafunse aphunzitsi kuti ibweranso liti."

Mkazi wanga anandifunsa, ndipo ndinayankha zoona, kuti palibe munthu amadziwa. Mwina mwezi wamawa, mwina kupitirira, n'chifukwa chake pamafunika wina woyang'ana tsiku ndi tsiku.

"Mwamva, achimwene?" anatero apongozi. "Ndiye inu mukawachotsa, ikabwera adzandidzutse ndani? Inu, kuchokera ku Dzoole?"

Atsibweni anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana anthu odutsa aja, kenako anayamba kufunsa ngati mvula ya Lachisanu inafikanso kuno. Ine ndikanakhala ndekha ndikanalira ndi chimwemwe.

Anthu atayamba kubalalika, apongozi anadzuka, anakutumula chitenje, ndipo m'malo mozungulira kuseri kwa mtengo monga ankachitira, anabwera molunjika pamene ndinakhala. Dzuwa lili pamutu, anthu onse akuona, anandiyang'ana m'maso. Anali ndi kachipsera kakang'ono pamwamba pa nsidze, ndipo ndinakaona tsiku limenelo koyamba.

"Aphunzitsi," anatero, "ikadzayaka mudzagogode pachitseko panga nokha. Musadzatume munthu."